Khadi la Emeliana

Kalata ija inabwera Lachiwiri, itapindidwa kanayi m'buku la masamu la Rhoda. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mtedza wa mbewu, msana ukuwawa monga mwa masiku onse, ndipo ndinalibe nthawi ya makalata. Ndinamuuza kuti apatse atate ake. Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa, chifukwa ba Gershom sadziwa kuwerenga chamumtima. Akagwira pepala amaimirira pakati pa bwalo nkukweza mawu ngati katekisiti.

"Kwa makolo a Emeliana Chabwela," anayamba motero.

Nkhuku zimene zinkatola makoko pafupi ndi mapazi anga zinasiya kutola, zonse nthawi imodzi. Mwina zinaona kabawi, kaya. Ine ndinati, "Tsitsani mawu, atate ake Rhoda." Koma dzina linali litatuluka kale, pabwalo pathu penipeni, ndipo manda ali kuseri kwa munda wathu chabe. Munthu ukatsokomola pakhomo pathu, kumeneko zimamveka.

Nkhani yake siyovuta. Ndinabala ana aakazi awiri motsatizana, Emeliana kenako Rhoda, osiyana zaka ziwiri. Emeliana anamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Anatentha thupi mu February, atate ake anamuika panjinga kuti apite naye kuchipatala ku Mpanshya, koma kamtsinje ka pakati pa mudzi wathu ndi msewu kanali katadzaza. Anadikira pagombe kuyambira m'mawa mpaka masana kuti madzi achepe. Pamene madzi ankachepa mwana anali atapita kale. Sanaoloke.

Patapita zaka zitatu Rhoda anayamba kundivuta kuti akufuna sukulu. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma wamtali ndiponso wapakamwa. Kusukulu anati mwana salembedwa popanda khadi la kusikelo. Khadi la Rhoda linali litadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi katoni yonse imene tinkasungamo mapepala. Kuti ndipeze lina anati ndiyambire kukiliniki, kenako kuboma ku Rufunsa, masiku awiri kapena atatu, mu January, udzu ukumera m'chimanga ngati wachita kutumidwa. Khadi la Emeliana linali m'Baibulo, loyera bwino, lopanda ngakhale kakona kopindika. Ndinalitenga. Mphunzitsi anakopera dzina ndi tsiku lobadwa m'buku lake lalikulu, mwanayo sanamuyang'ane nkomwe.

Sindine woyamba. Kuno kwathu ana ambiri akuphunzira ndi khadi la mkulu wawo kapena la msuweni. Kungoti eni makhadi enawo ali moyo, ukhoza kuwapempha. Ine sindinapemphe. Sindinapite kumanda kukanena kuti mwanangu, ndabwereka dzina lako. Ndinali ndi munda wopalira.

Ndinaika lamulo limodzi lokha. Sukulu ili kutsidya, ndiye dzinalo nalo lizikhala kutsidya. Rhoda akaoloka kamtsinje m'mawa azilitola, pobwerera azilisiya pamchenga. Mapepala onse a sukulu, ndi satifiketi yake ya giredi seveni yomwe, ndinkasungitsa kwa mng'ono wanga Harriet amene anakwatiwa kutsidya komweko. Kumisonkhano ya makolo ndinkatuma ba Gershom, chifukwa kumeneko ine amanditcha amake Emeliana. Zaka zisanu ndi zitatu lamulo langa linagwira. Kalata imeneyi yokha ndiyo inaoloka, chifukwa Rhoda anasangalala nayo mpaka kuiwala kudutsira kwa Harriet.

Ba Gershom anatsitsa mawu pang'ono nkupitiriza. Kalata inati boma lavomereza kuti dziko lathu liyeseko mayeso amene ana a zaka khumi ndi zisanu amalemba m'mayiko ambiri, a kuwerenga, masamu ndi sayansi. Asanafike kulikonse ayamba ayesa m'masukulu ochepa kuti aone ngati zingayende. Sukulu yathu yasankhidwa, ndipo pasukulupo asankha ana makumi awiri ndi awiri. Adzalemba Lachinayi la sabata yamawa. Palibe mwana wololedwa kulembera m'malo mwa wina.

"Mwamva, amake Rhoda?" anatero ba Gershom, akugwedeza pepala. "Mwana wa kuno kunjira ya ku Shikabeta, kulemba funso lomwelo ndi mwana wa ku Japan! Mutu umenewu ndi wa kwathu, musakane."

"Wasankha ndani?" ndinafunsa.

"Makina, Amayi," anayankha Rhoda. "Ku Lusaka. Ba Hedi akuti palibe munthu anasankha, kuti pasakhale kukondera."

"Makinawo akukudziwa bwanji iwe?"

"Samandidziwa. Amangoyang'ana tsiku lobadwa. Onse amene akwanitsa fifitini chaka chino anawaika pamodzi, kenako makina nkutola."

Rhoda ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amene akanakwanitsa khumi ndi zisanu mu August ndi winayo. Ndinayang'ana ba Gershom kuti ndione ngati nawonso awerengera, koma iwo anali akufunafuna cholembera kuti asaine. Ndinabwerera ku mtedza wanga. Chinthu chosankha chokha popanda munthu ine sindichikonda. Munthu ukhoza kumufotokozera.

Lachitatu m'mawa Rhoda anatenga kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere. Lachinayi ndinamuona akusesa bwalo, tsache lili kumanzere. Madzulo ake anakhala pamphasa nkumayeserera masamu, pensulo ili kumanzere, dzanja litapindika pamwamba pa pepala monga amachitira amanzere onse. Ndipo manambala ankatuluka bwinobwino.

"Iwe, dzanja lako lamanja latani?"

Anayang'ana manja ake onse awiri ngati ndamufunsa za manja a munthu wina. "Silinatani. Bwanji?"

"Nanga ukulemberanji ndi ilo?"

"Ndimalembera ili masiku onse, Amayi."

Pabanja pathu wamanzere anali mmodzi, Emeliana. Ndinamumenyapo kamodzi padzanja ali ndi zaka zinayi chifukwa cholandira chinthu kwa alendo ndi manzere, ndipo ndimakumbukirabe mmene anandiyang'anira.

Ine si munthu wothamangira zamizimu. Lachisanu ndinapita naye kwa ba Eness, amene amayeza malungo m'mudzi mwathu. Anamubaya chala, tinadikira, kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi. Ba Eness anati mwana alibe kanthu, angochita mantha ndi mayeso, ndimupatse madzi ambiri. Ndinamupatsa madzi ambiri.

Loweruka tinapita kukachapa. Mu October kamtsinje kathu ndi mchenga wokhawokha, kupatula kanjira ka madzi kopyapyala pakati, kosafika ndi m'kakolo momwe. Timachapira kutsidya chifukwa kuli miyala yabwino. Ine ndinaoloka ndi beseni pamutu, ndinatula, ndinacheuka. Rhoda anali ataima pagombe, pansi pa mkuyu pamene atate ake anaimika njinga tsiku lija. Iye malo amenewo sawadziwa. Sitinamuuzepo.

"Bwera ndi sopoyo, nthawi ikupita!"

"Tidikire pang'ono," anatero, mawu ali pansi. "Madzi achuluka."

"Madzi ati?"

"Achepa manje manje. Tidikire."

Kunali kutentha koti mchenga unkaotcha kuphazi. Nyenje zimene zinkalira mumkuyu zinali zitasiya. Ndinabwerera, ndinamugwira pamkono nkumugwedeza, ndipo anaphethira nkunena kuti, "Aa, Amayi, mukundipweteka, n'chiyani?" ndi mawu ake a masiku onse. Anaoloka yekha akudandaula za mchenga wolowa m'patapata. Tinachapa. Anafinya zovala mopotokola chakumanzere.

Ndinawauza ba Gershom Lamlungu titachoka ku Misa, tili awiri kuseri kwa nkhokwe. Poyamba anaseka. Nditatchula mkuyu anasiya kuseka, anakhala pa chitsa nkuyamba kukanda dothi ndi kamtengo.

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Ndikanene kusukulu kuti mwanayu si Emeliana."

"Mukanena, satifiketi ya giredi seveni ikhala ya ndani? Mwaganiza? Palembedwa Emeliana Chabwela. Rhoda alibe giredi wani yomwe. M'mabuku a boma Rhoda sanapondepo pasukulu. Amubweza pansi, kapena amuchotseratu. Mwana woyamba pabanja pathu kufika giredi eyiti, inu mukamutaye chifukwa wagwira tsache ndi manzere?"

"Nanga mkuyu?"

"Lachinayi likadutsa zitha. Anthu a ku Lusaka abwera, apita, dzina libwerera kutsidya. Pirirani masiku anayi chabe."

Sanali kunama. Pepala limenelo mwana analivutikira, ankapita kusukulu m'mimba mulibe kanthu, ankawerenga ali kubusa mbuzi. Ndinaganiza zoyesa njira ina.

Lolemba ndinavala chitenje chabwino nkupita kusukulu, koyamba pa zaka zisanu ndi zitatu. Ba Mwila, ahedi, anandiona pazenera.

"Amake Emeliana! Mwasowa! Ife tinkati mwina ba Chabwela anakubisani m'nkhokwe."

Ndinakhala pampando umene anandipatsa. Ndinati mwana sakupeza bwino, amuchotse pa mayesowo, aikepo wina. Ana a fifitini ngodzaza pasukulupo.

"Sizitheka, mayi. Ine ndemwe sindingasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Mndandanda unabwera wosindikiza kale. Akadwala Lachinayi, anthuwo agona kuboma nkubweranso Lachisanu kudzamulembetsa yekha. Dzina likatoledwa latoledwa, amalitsata mpaka alipeze."

"Mayesowo akakhoza apatsidwa chiyani?"

"Palibe. Ngakhale malikisi ake sadzawaona. Akuti sakuyesa mwana, akuyesa dziko."

"Ndiye ngati sakuyesa mwana, dzina la mwana akulifuniranji?"

Ba Mwila anaseka nkunena kuti nzeru za Emeliana tsopano aona kumene zinachokera. Analitchula dzinalo kasanu ndisanatuluke muofesimo. Ndinawerenga. Potuluka ndinadutsa pakalasi imene ankakonza. Madesiki anali atawatalikitsa, lililonse palokha, ndipo mphunzitsi wina ankamata timapepala ta mayina pakona pa desiki lililonse. Ka mwana wanga kanali pamzere wachitatu, pafupi ndi zenera.

Lachiwiri ndi Lachitatu Rhoda anadya pang'ono. Anasiya kukangana nane. Amene ali ndi mwana wamkazi wa msinkhu umenewu akudziwa kuti zimenezi si zabwino. Rhoda wanga ukamutuma madzi amayamba wakuuza kuti dzulo anatunganso iye. Uyu ankangonyamuka nkupita, mwakachetechete, akuyenda timasitepe tating'ono.

Lachinayi kunacha kopanda mphepo. Ba Gershom analawirira kudimba, ndikuganiza kuti dala. Ndinatuluka m'nyumba nkupeza mwana atavala kale yunifolomu, atakhala pamtondo wogoneka, atandifulatira, akuyang'ana kumunda.

"Rhoda, bwera udye phala."

Sanatembenuke.

"Rhoda!"

Ndinaitana katatu. Kachitatu ndinakuwa mpaka galu wa kwa aneba anauwa. Mwanayo anali masitepe asanu kuchokera pamene ndinaima, ndipo khutu lake silinagwedezeke nkomwe. Ndinatopa. Ndinene zoona, si kulimba mtima kumene kunandichititsa, kunali kutopa. Ndinanena dzina linalo, pansipansi, moti ngakhale ine ndemwe sindinadzimve bwino.

Anatembenuka pomwepo, nkhope ili yowala. "Mama?"

Rhoda sananditchulepo Mama chibadwire. Amati Amayi.

Ndinaika mbale ya phala pansi kuti ndisaigwetse. Ndinalowa m'nyumba, ndinavala nsapato, ndinatuluka. Ndinati, "Tiye, ndikuperekeza." Anandipatsa dzanja lamanzere kuti ndimugwire, ndipo tinayenda choncho kudutsa m'mudzi, mtsikana wamtali kufika paphewa langa atagwiridwa dzanja ngati wa kumkaka.

Pamkuyu anaima. Sanalankhule za madzi ulendo uno, anangokweza manja onse awiri m'mwamba, monga amachitira mwana wofuna kuberekedwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinawerama, anakwera. Ine ndimadziwa kulemera kwa Rhoda, ndinamunyamulapo chaka chatha atabinya phazi ndipo msana unandikumbutsa sabata yathunthu. Amene ndinabereka tsiku limenelo sanali wolemera. Ndinaoloka kanjira ka madzi kaja ndi masitepe awiri, mpweya wake wotentha uli pakhosi panga, ndipo nditamutsitsa kutsidya anati, "Taoloka," nkuseka.

Pasukulu panali galimoto yoyera ya ku Lusaka itaima pansi pa mtengo wa mango. Ana osasankhidwa anali atawauza kuti akhale kunyumba, ndiye panali zii ngati pa holide. Ana makumi awiri ndi awiri aja anafola pakhomo la kalasi. Mayi wina wovala magalasi, wocheperapo kwa ine, anaima pakhomo ndi mndandanda. Ba Mwila anali pambali pake atavala taye. Mkati, padesiki lililonse panali buku lomatidwa m'pulasitiki, ndi pensulo yatsopano yosongoka itagonekedwa kumanja kwa bukulo. Onse chimodzimodzi, ngati anachita kuyeza ndi lula.

Mayiyo ankaitana dzina, mwana nkuyankha, nkulowa. Ndinaima kumbuyo kwa mzere. Mawu a ba Gershom anali m'mutu mwanga, masiku anayi chabe, ndipo masiku anayiwo anali atatsala maola awiri. Ndinayang'ana mwana wanga chakumbuyo. Malamba a chikwama anali atawakoka mpaka kumapeto, koma chikwamacho chinkaoneka chachikulu pamsana pake. Ndinadziwa kuti akakhala padesiki lija nkulemba dzina lija ndi dzanja lija, pamaso pa boma ndi mayiko onsewo, amene adzatuluke pakhomopo sadzayankhanso ndikamuitana.

"Emeliana Chabwela," anaitana mayi wa magalasi.

"Kulibe," ndinatero ine.

Ana onse anacheuka. Mwana wanga anali atayamba kale kuyenda, ndinamugwira lamba wa chikwama.

"Amake Emeliana, n'chiyani ichi?" anatero ba Mwila. "Si uyu mwamugwirayu?"

"Uyu ndi Rhoda. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Emeliana anamwalira zaka khumi zapitazo, ali kuseri kwa munda wanga. Ndinalembetsa uyu ndi khadi la mkulu wake. Mlandu ndi wanga, mwana sanadziwe kanthu."

Mayi uja analowetsa ana otsalawo msangamsanga, kenako anabwera kwa ine. Anati dzina lake ndi Irene. Sanakalipe. Anatembenuza mapepala ake kawiri, akutsata ndi chala.

"Ba mami, apa pali malo a mwana amene wadwala, amene anasamuka, amene anasiya sukulu. Pa womwalira palibe."

"Lembani chimene chilipo."

"Nizalemba kuti salinso pasukulu pano."

"Sanakhalepo," ndinatero. "Koma lembani."

Analemba. Kenako anati Rhoda sangalowe, chifukwa si amene anasankhidwa, komanso zaka zake sizikwana. Ba Mwila anafunsa ngati achotse buku padesiki lija. Ba Irene anakana. Anati lamulo lawo ndi lakuti buku la mwana amene sanabwere limakhala pamalo pake, losatsegula, mpaka nthawi yonse ithe, kuti mwina angafike mochedwa. Ba Mwila anati, "Koma uyu safika," ndipo ba Irene anati akudziwa, koma lamulo ndi lomwelo. Analowa nkutseka chitseko.

Ba Mwila anatsala nane pakhonde, thukuta likutsika m'kolala.

"Ndiye amene takhala tikuphunzitsa zaka zisanu ndi zitatu ndi ndani, mayi?"

"Rhoda."

"Rhoda m'mabuku mwanga mulibe."

"Mulembeni."

"Mukuona ngati n'kulemba dzina pa thumba la chimanga? Satifiketi ija yafa. Muyenera kupita kuboma mukalumbire, mubwere ndi pepala lake lenileni. Ndipo giredi seveni alembanso. Chaka chathunthu, mwina ziwiri. Mwana woyamba m'kalasi! Mwamuchita chiyani mwanayu?"

Ndinati ndamva, ndipita kuboma Lolemba. Analowa muofesi mwawo nkumenyetsa chitseko.

Ndinakhala pansi pa mango, moyang'anana ndi zenera la kalasi. Mwana sanalire, sanafunse kanthu. Anagona pansi nkuika mutu pamwendo panga, chala chamanzere chili pafupi ndi pakamwa, nkutseka maso. Mutuwo unali wopepuka ngati chikho chouma. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkamva ba Irene akuwerenga malangizo m'buku lawo, liwu ndi liwu, kenako kung'ambika kwa mapulasitiki, kenako zii. Patapita kanthawi kunayamba kumveka mapensulo. Sindinkadziwa kuti mapensulo amamveka patali choncho. Ankamveka ngati chiswe chili m'denga.

Desiki la pamzere wachitatu ndinkaliona mbali yake yokha, msana wa mpando ndi kakona ka pepala la dzina. Ndinaliyang'ana maola awiri. Palibe chimene ndinaona. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati ndinawonjezera. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mango unatithawa, ntchentche zinabwera nkupita. Chimene ndinamva n'chakuti mwendo wanga unayamba kuchita dzanzi pang'onopang'ono. Mutu uja unkalemera. Pamene ba Irene ankati "Ikani mapensulo pansi," mwendo wonse unali utafa, ndipo mwana anadzuka, anapukuta dovu ndi dzanja lamanja, nayang'ana anzake akutuluka.

"Alemba kale?" anafunsa. Kenako anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wakumbukira. "Amayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu onse! Mwandionongera sukulu! Inu ndi khadi lanulo, munandifunsa ine? Ndinakupemphani ine dzina la munthu?"

"Sunandipemphe."

"Ndiye ndibwerere giredi seveni ndi tiana tosapukuta mamina?"

"Ubwerera."

Ananena zambiri, zina zoti tsiku lina akanalandira nazo mbama. Ndinangomusiya. Mawu onsewo anali ake.

Ba Irene anandiitana kuti ndikasaine pa zimene ndinanena. Kalasi inali itatsala yopanda ana. Anali atatolera mabuku onse kupatula limodzi, ndipo anaima pafupi ndi desiki lija osalikhudza. Buku linali momwemo m'pulasitiki yake, losatsegula. Pensulo inali kumanzere kwa buku. Nsonga yake inali itatha, yobuntha mpaka pamtengo, ngati ya mwana amene amakanikiza kwambiri polemba.

"Kapena wina anabwereka," anatero ba Irene.

Ndinayang'ana madesiki oyandikana nalo. Panali mpata woti munthu wamkulu agone pakati.

"Munaona wina akunyamuka?"

"Palibe ananyamuka. Ninali kuyang'ana." Anavula magalasi nkuwapukuta ndi bulauzi. Kenako anatenga buku nkuliika m'bokosi pamodzi ndi ena, anawerenga, anakwana makumi awiri ndi awiri. Pensulo anainyamula ndi zala ziwiri nkundipatsa. "Mapensulo timasiyira ana," anatero. Ndinapempha ndi kapepala ka dzina komwe. Anakamatula yekha.

Rhoda anali atapita kale kunyumba, osandidikira. Ndinaona mapazi ake pamchenga pambuyo pake, ataliatali, a munthu wokwiya, osaima pamkuyu. Ine ndinadutsira kwa Harriet nkumuuza kuti andipatse mapepala onse. Anafuna kufunsa, ndinati ndidzamuuza Lamlungu. Analipo ambiri, malipoti a zaka zisanu ndi zitatu, satifiketi, ndi khadi la kusikelo lija. Anandipatsanso maungu awiri, ndiye manja anadzaza. Mapepala ndi pensulo ndinazikulunga m'chitenje nkumangirira kumsana. Ndinazindikira nditaoloka kale kuti ndamanga mfundo ya pachifuwa, ya mwana.

Sindinalowe kunyumba. Ndinasiya maungu m'mphepete mwa munda, ndinatenga khasu pamene ba Gershom amalibisa, ndinapita kuseri. Manda ake ndi aang'ono, mtanda wachitsulo unapendekeka kalekale. Ndinauwongola. Ndinakumba kadzenje kumutu, ndinaikamo mapepala onse, satifiketi pamwamba. Pensulo ndinaiika kumanzere.

Sindidziwa kulankhula ndi akufa, kwathu amachita zimenezi ndi akuluakulu, ndi ufa ndi mawu ake. Ndinalankhula mmene ndimalankhulira.

"Ndinatenga dzina lako osakupempha. Ndalakwa, ndabweza. Giredi seveni unakhoza bwino, pepala lako ndi ili. Kutsidya wafikako, mayeso walemba. Manje musiye mng'ono wako."

Ndinakwirira nkupondaponda. Ndinadikira pang'ono, kaya ndinkadikira chiyani. Nyenje zinkalira, sizinasiye. Ndinatola khasu nkuyang'ana kunyumba. Kuchokera pamandapo bwalo lathu limaoneka lonse, ndipo mwana anali atakhala pamtondo paja, atandifulatira.

"Rhoda!" ndinaitana. "Bwera unyamule maunguwa!"

Sanatembenuke. Ndinawerenga mumtima, kamodzi, kawiri, katatu, khasu likundilemera m'manja.

"Nyamulani nokha!" anakuwa. "Dzulo ndinanyamulanso ine nkhuni!"

Ndinanyamula ndekha.